Foni ya pa Mwala

Ine kuumira ndinabadwa nako. Kwathu kuseri kwa Chiringa ankandinena kuti tambala ikalowa m'dzanja langa imaiwala njira yotulukira, chifukwa ndikapita kumsika ndi nandolo ndinkalolera kubwerera naye pamutu kusiyana n'kumutsitsa mtengo. Sindinkachita nazo manyazi. Mkazi amene mwamuna wake wanyamula njinga, wailesi ndi bulangete n'kukakwatira kwina ku maesiteti a tiyi, kumusiyira mwana ndi nyumba yodontha, akapanda kuumira adya chiyani?

Ku Joni ndinapita mwana wanga mmodzi yekhayo, Enelesi, ali mu Sitandade 5. Ndinagulitsa mbuzi zonse, ngakhale ija yabere, n'kulipira munthu wodutsitsa anthu m'malire. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa achimwene anga a Laisoni. Iwo ndiwo anali eni mbumba, ndipo popeza mkazi wao anamutenga chitengwa, ankakhala pamudzi pathu pomwepo, khomo lao kuyang'anizana ndi langa. Sindinaone chodera nkhawa. Mwana akakhala kwa amalume ake ali kwao.

Tsiku lonyamuka Enelesi anajomba kusukulu. Anasenza chikwama changa mpaka pa Chiringa, osalola wakabaza kuchikhudza. Minibasi itayamba kuliza injini anagwira zenera nati, "Mayi, mukakafika mudzandiuze ngati kumenekonso kuli phiri." Ndinaseka kuti misozi isatsike, n'kumuuza kuti abwerere dzuwa lisanatenthe.

Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, fungo la mapazi m'basi, ndi mantha pa chipata chilichonse cha m'malire. Zina zonse zinafufutika.

Ntchito ndinaipeza m'khichini ya bambo wina wogulitsa zakudya. Yanga inali kukulunga samusa. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chiimirire, kukulunga basi, moti ndikagona zala zinkapitiriza zokha pa bulangete. Anyezi analowa m'khungu mpaka sopo anagonja. Masiku a pa pasipoti anatha mwezi woyamba womwe, ndiye galimoto ya apolisi ikangoima pamsewu, tonse a m'khichini tinkathamangira kuseri kwa matumba a ufa, bwana n'kumaimba kamluzu kukauntala ngati mulibe munthu. Tsiku lina mnzathu wina anatumidwa kukagula tomato osabwerera. Tinadzamva pambuyo pake kuti anamugwira n'kumubweza kwao atavala epuloni yomweyo. Nsapato zake zinakhala pansi pa sinki mpaka ine ndinachokako, palibe anafuna kuzichotsa.

Tinkagona akazi anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Nyengo yozizira ya kumeneko si ya Juni wathu uyu, imaluma mafupa, ndiye tinkaphatikiza mabulangete onse n'kugona mothithikana ngati mbatata m'thumba. Mmodzi mwa anayiwo anali Selesitina wa ku Mozambiki, tsidya lomweli la kwathu. Tinadziwana pokwerera mataxi. Munthu wina anandiponda phazi, ine n'kumutukwana m'Chilomwe, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka mkazi akuseka n'kumalizitsa chitukwanocho. Kuyambira pamenepo tinali pachibale. Ndikadwala ankandiphikira phala. Akasowa ntchito tinkagawana buledi wanga, ngakhale ndinkamudula mopyapyala. "Iwe ukadzafa tidzakuika ndi kachikwama kako," ankatero, "ukagule malo kumwamba, koma ndikudziwa ukakanenerera mtengo."

Masiku oyambawo kuimba foni ku Malawi kunali ngati kudya nyama, osati za tsiku lililonse. Ndinkaimbira mu kontena ya mafoni pakona pa msewu, mwezi ukatha, ndipo kwathu inkalirira pa kabyuro ka foni ka pa Chiringa. Mwini wake anatchinga pakona ndi mapulaiwudi n'kuikapo kachitseko kokolowekera ndi waya. Enelesi ankayenda yekha wapansi, n'kudikira pa benchi, foni ikalira n'kulowa n'kudzitsekera. Ine maso anali pa kawotchi kowerengera ndalama. "Nena msanga," ndinkatero, "zikutha." Ulendo woyamba ndinamuyankha funso lake lija, kuti kuno phiri kulibe, kuli milu ya dothi lachikasu lotuluka m'migodi, iye n'kuti ndiye ndi dziko losauka. Mwanayo anaphunzira kuyankhula mothamanga ngati muulutsi wa mpira. Komabe m'kanthawi kochepako ndinkamva zonse: yunifolomu yang'ambika kukhwapa, mnzake wamulanda cholembera, aphunzitsi ena aakazi amuuza kuti ali ndi mutu wa ku sekondale. M'kachipinda komweko ndi m'mene anandinong'oneza kuti wakula, asanauze munthu aliyense pamudzi. Ndinatuluka mu kontena muja ndikulira, komanso ndikudandaula kuti ndapitirira mphindi.

Chaka china Selesitina anabwera ndi nkhani. Kampani ya foni za m'manja imene iye ankagwiritsa ntchito inali ndi nthambi kwao ku Mozambiki, ndiye inalengeza kuti ukathira timayunitsi pang'ono, Lamulungu masana umaimbira manambala a nthambiyo osalipira kanthu. Iye ankacheza ndi amayi ake mpaka khutu kutentha. Ku Malawi kunalibe zimenezo, ndipo nsanje inandigwira.

"Kwanu si pamalire pomwepo?" anandifunsa akutsuka mbale. "Netiweki yathu sidziwa kuti malire ali pati. Apeze pokwera, igwira."

Mutu wanga unayamba ntchito pomwepo. Ndinagula foni yogwiritsidwa kale ntchito n'kuitumiza kwa achimwene kudzera kwa athiransipota, aja onyamula katundu wathu kupita naye kumudzi. Achimwene anaoloka malire pa njinga kukagula kakhadi ka ku Mozambiki. Anazungulira nayo minda yonse ataikweza m'mwamba ngati akuingitsa akhwangwala, mpaka inagwira pa mwala wina waukulu kumtunda kwa munda wa chinangwa, moyang'ana kum'mawa. Ukatsika pang'ono, zii. Ukapendeketsa mutu, zii.

Nkhani inafala, ndipo anaifalitsa ndine. Nambala ya achimwene ndinaigawa kwa anzanga onse a kwathu amene anali ku Joni, ndikudzitama kuti ndawapulumutsa. Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi ankakwera kumwalako osavula n'komwe zovala za mapemphero. Mwalawo anaupatsa dzina loti Joni. Amayi ena anayamba kugulitsapo mandasi ndi kalongonda. Achimwene anayamba kuvala jekete ngakhale kutenthe bwanji, anthu n'kumawatcha a Positimasitala. Foniyo sinkachoka m'manja mwao, chifukwa gogo wina anaigwetsapo kamodzi batire n'kugubuduzikira m'chinangwa. Ankaiika mokweza mawu n'kuigwirizira pafupi ndi pakamwa pa woyankhula, kuti isataye netiweki, komanso kuti aliyense amve moni wa ku Joni.

Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinkamva mbuzi, makanda, kuseka kwa anthu kumbuyo. Ndipo kunena chilungamo zinkandikomera. Ine amene ankandiloza kuti mwamuna anandithawa, tsopano mawu anga ankamveka pamwala mudzi wonse uli tcheru. Ndinali nditayamba kumanga nyumba, ndiye nkhani inali imeneyo. "Achimwene, njerwa zija zaotchedwa? Malata mugule olimba, osati aja opyapyala ogula anthu wamba." Mawu akuti malata ndinkachita kuwabwereza. Ndinkayankhula mosayang'ana wotchi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

Enelesi ankamuitana kumapeto. "Bwera upereke moni kwa amayi ako."

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya iwe? Sukulu?"

"Ili bwino."

"Akukudyetsa amalume akowo, kapena akudya okha?" Anthu n'kuseka.

"Eya."

"Ungoti eya basi? Lero n'zaulere, yankhula!"

"Palibe, mayi."

Ndinkayesa manyazi a utsikana. Ndinauza Selesitina kuti mwana uja wayamba matama, kale ankalongolola pa foni yodula, lero pa yaulere wasanduka bubu. Iye anandiyang'ana. Iyeyo akamaimbira amayi ake ankatitulutsa tonse m'chipinda, ngakhale kukhale mphepo. "Iweyo ungamasule chitenje pamsika?" anatero. Ndinamuyankha kuti mwana wa msinkhu umenewo alibe zinsinsi, ndipo ku kontena kuja sindidzapondakonso.

Tsiku lina Lachitatu, ndili pakati pokulunga, foni inanjenjemera m'thumba la epuloni n'kusiya. Nambala ya ku Malawi, yosaidziwa. Patapita kanthawi inateronso, ndipo tikuweruka inateronso. Kufulasha kotero kwathu aliyense amakudziwa: ndiimbireni, ine ndilibe mayunitsi.

"Imba," anatero Selesitina.

"Ndi ndalama za ndani? Awa ndi opempha. Akamva kuti uli ku Joni aliyense amasanduka m'bale wako."

"Nanga akakhala maliro?"

"Akanakhala maliro achimwene akanakwera pamwala n'kufulasha pa nambala yao. Lamulungu si kutali."

Lamulungu linafika. Titamaliza za mafelemu a mazenera ndinakumbukira. "Achimwene, pali nambala ina yakhala ikundifulasha. Tamverani." Ndinaiwerenga yonse, pang'onopang'ono, mudzi wonse ukumva. Masiku amenewo mafoni anali owerengeka, ndipo anthu ankaloweza manambala ngati nyimbo za kwaya. Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Imeneyo si ya aphunzitsi aakazi aja a Sitandade 8?"

Achimwene anatsokomola. "Aa, ndi ana asukulu amenewo, amaseweretsa foni ya aphunzitsi. Musavutike nazo, achemwali."

"Muwauze asiye. Kuno ndalama sititola mumsewu." Anthu anaseka, ine n'kukondwa kuti ndawaseketsa. "Enelesi alipo?"

"Ali pompano. Bwera iwe."

"Muli bwanji, mayi?"

Mawu ake anali ngati a munthu wachimfine. Ndinamuuza kuti amwe madzi a mandimu.

Pamwala paja sindinamumvenso. Lamulungu lina akuti wapita kuchigayo, lina akuti malungo, lina akuti akuwerenga popeza mayeso ayandikira. Ndinkafunsa, inde, koma kufunsa kwa munthu wofuna yankho lalifupi kuti abwerere ku nkhani yake. Nyumba inafika pa denga, kenako pa zitseko. Ndinamutumizira nsapato za sukulu ndi chikwama cha kumsana, achimwene n'kuti walandira ndipo wathokoza kwambiri.

Anandiuza ndi mtsikana wina wa kwathu amene anangofika kumene kudzafuna ntchito, ndipo tinamulandira m'kachipinda kathu. Akumwa tiyi anati, "Koma mwayi ndi wanu, mayi, mukapeza mdzukulu. Enelesi pathupi pakula ndithu."

Ndinamuuza kuti wasokoneza mayina.

"Enelesi wanu yemwe. Si anakwatiwa ndi bambo aja ogula nandolo, a njinga yamoto aja? Ife timayesa mukudziwa. Amalume ake ankati munavomera pa foni."

Ndani akanakayika? Mudzi wonse unkandimva Lamulungu lililonse ndikuseka ndi achimwene anga.

Nambala ija inali idakali m'foni. Ndinatuluka panja n'kuthira mayunitsi, tsiku la pakati pa sabata, pa mtengo wake wonse, n'kuimba. Anayankha ndi aphunzitsiwo. Ndinadzitchula.

"Mwana uja anabwera kwa ine akulira," anatero. "Anati amalume ake agwirizana ndi munthu, ndipo pamwala sangathe kunena chifukwa foni amagwira ndi iwowo. Anati amayi anga akangomva akana, ndimawadziwa. Inenso mayunitsi oimbira kunja ndinalibe, ndiye tinafulasha. Tinakhala pakhonde la sukulu, foni ili pakati pathu, mpaka ana onse anapita. Lolemba lotsatira amalume ake anabwera kudzandiuza kuti ndisalowerere za m'mbumba mwa eni, popeza nambala yanga inatchulidwa pagulu. Mwanayo m'kalasi sanabwerenso."

Sanandidzudzule, ndipo bola akanatero. Tinayankhula mpaka foni inadula yokha, koma ndalama imene inatha sinkakwana n'komwe lata limodzi. Mwana wanga ankakhulupirira kuti ndikangomva ndikana. Ndikanakanadi. Ndikanakuwa mpaka mwala uja kung'ambika. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti iye sanalakwitse pondidalira, koma ine ndinadikira tsiku laulere, ndiye n'kukamuulula ndekha pagulu.

Ndinganame ndikanena kuti ndinanyamuka m'mawa mwake. Ndinakhalabe, ndikukulunga samusa, ndikudziuza kuti madzi akatayika saoleka, ndimalize kaye magalasi a mazenera. Zoona zake ndinkaopa nkhope yake. Pamwala ndinasiya kuimba, ndipo achimwene nawo sanafulashe kufunsa chifukwa. Selesitina anasiya kundiseka za kachikwama. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza wandilongedzera katundu yense n'kumumanga ndi chingwe. "Pita," anatero. "Samusa sizidzatha." Anandiperekeza kukakwera basi, ndipo ndiye anagula zakumwa za panjira, podziwa kuti ine ndikanapirira ludzu.

Nyumba ndinaipeza itaima bwinobwino, malata akuthwanima moonekera kumsewu. Achimwene sanadyepo ngakhale tambala. Chilichonse chimene ndinalamula chinalipo, mpaka loko wa pachitseko. Ndikanapeza ataba bwenzi mkwiyo wanga utapeza pogwira. Ndinawapeza akusenda chinangwa cha makaka pakhonde pao, jekete ija ili pamsomali.

"Achimwene, mwana wanga munamupereka bwanji ine ndili moyo?"

"Khalani kaye pansi, achemwali. Mwana anali atakula, atavinidwa. Anyamata ankazungulira pano ngati agalu pa nyumba yophika nyama. Mukanakonda ndidzakuuzeni za mimba yopanda mwini? Munthu uja ndi wodziwika, ali ndi sitolo."

"Ali ndi mkazi wina."

"Ameneyonso amamudyetsa."

"Nanga sukulu?"

"Ndi angati pamudzi pano anapita ku sekondale?"

"Bwanji osandiuza?"

Anaika mpeni pansi. "Pamwala paja? Pagulu?" Anapukusa mutu ngati ndanena zachibwana. "Komanso inu munkafunsa za malata. Ine ndinkayankha zimene mwafunsa."

Ndinafuna kuwalavulira, koma ndinangotembenuka n'kuchoka.

Enelesi ankakhala kuseri kwa sitolo ya mwamuna wakeyo, cha kumalire. Ndinakwera kabaza m'mawa mwake. Ndinamupeza atakhala pa mphasa akusankha nandolo, khanda lili kumsana. Anali atatalika, koma mikono inali yomwe ija yoonda imene inasenza chikwama changa. Sanathamange. Anadzuka, n'kulowa m'nyumba kukatenga mpando, n'kugwada patali ngati mmene timalandirira alendo a kumpingo.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda bwino, mwana wanga."

"Ku Joni mwawasiya bwanji?"

Anandipatsa madzi akumwa, n'kumasula khanda kundipatsa. Linali la mtsikana, la mphuno yathu yomweyi. Ndinalinyamula, n'kuliyang'ana nthawi yaitali chifukwa mayi wake sindinkatha kumuyang'ana.

"Tiye kunyumba," ndinatero. "Chipinda chako chilipo, cha zenera lagalasi. Mwanayu ndikulerera ine, iwe ubwerere kusukulu. Ndikayankhula ndi aphunzitsi aja."

Anapitiriza kusankha nandolo. "Anzanga ali ku sekondale. Ndikakhale pa benchi ndi ana amene ndinkawabereka kumsana?"

"Ena amabwerera."

"Ndazolowera kuno, mayi."

"Ndinalakwa, Enelesi. Sindinadziwe kuti ndiwe unkafulasha."

"Ndinamva," anatero mosakweza mawu. "Ndinalipo pamene munkawerenga nambala paja. Ndinaima kumbuyo kwa amalume."

Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa foni imene ndinamugulira ndikunyamuka, yatsopano ya m'katoni, chinthu chokhacho chimene ndinagulapo osanenerera mtengo. Pa boma la Phalombe ndinali nditaikamo khadi ya kuno komwe n'kuthiramo mayunitsi.

"Iyi ndi yako wekha," ndinatero. "Sifuna mwala. Ukafuna kuyankhula nane, tsiku lililonse, ungofulasha kamodzi, ndiimba pomwepo."

Anapukuta manja pa chitenje n'kuilandira. Anaitembenuza, n'kusisita galasi lake ndi chala. Ndinayesa kuti amwetulira. Kenako anaibwezera m'katoni mwake mosamala, n'kugwada, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Kawapatseni amalume," anatero. "Ndi amene amadziwa kuyankhula nanu."